Popumira m'Nyimbo ya Mfumu ya ku Falansa

Landirani moni, inu amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli pakhonde kaya pabenchi la kuchipatala. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anaumba munthu ndi dothi n'kumuuzira mpweya m'mphuno, pakuti ndi mpweya womwewo umene ukulowa ndi kutuluka mwa inu panopa, inu osauganizira n'komwe. Zimene ndikuuzeni anaziona Mayi Pelajiya Chimbalanga masana a Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala. Ndizinena monga anandiuzira eni ake, osakometsera.

Pa mishoni yathu pali zitoliro zisanu zamtengo zimene anasiya Bambo Lusiyano, wansembe wa ku Falansa amene anagona kumanda athu kalekale. Ndi zitoliro zouzira kunsonga, zotseka mabowo ndi zala. Chaching'ono n'chachifupi ngati mpeni, chachikulu chimamufika munthu m'chiuno. Bamboyo anasiyanso buku lakuda la nyimbo za kwawo, zimene makolo ake ankaimbira mfumu yawo ikamalowa m'nyumba yachifumu, ndi malipenga, ng'oma ndi mavayolini, akaligo a Azungu aja. Iye ankati nyimbo imene inalowetsapo mfumu yafumbi ingathe kulowetsanso Mfumu ya mafumu. Choncho anaphunzitsa achinyamata asanu kuliza zitoliro, ndipo Pelajiya, amene mutu wake unkagwira manotsi msanga, anamuphunzitsa kuchotsa nyimbo m'bukumo ndi kuigawira zitolirozo.

Nyimbo za Afalansa akale zimayenda mizere isanu, munthu aliyense mzere wake. Wapamwamba, umene aliyense amapita nawo kunyumba akuung'ung'udza, unali wa Mayi Pelajiya. Pansi pake panali Mayi Nagama, kenako Aphunzitsi Venansiyo. Wapansi penipeni, wa chitoliro chachikulu, unali wa Abambo Kalisito, kalipentala wodwala mphumu. Ndiye panali mzere wina wobisika pakati, umene Bambo Lusiyano ankautcha kenti. Umenewu unali wa Apoloniya, mng'ono wawo wa Mayi Pelajiya. Anthu asanuwa anakalamba akulizira limodzi. Kwa zaka makumi anayi, pa chikondwerero chilichonse, wansembe ankalowa m'tchalitchi ndi nyimbo ya mfumu ija, imene manotsi ake amalembedwa ofanana koma amalizidwa motsimphina, lalitali kenako lalifupi, ngati munthu wamkulu amene sathamangira aliyense.

Chaka chathachi Apoloniya anadwala. Tsiku lina la pulakatisi anayesa kudzuka pamphasa, ndipo mkulu wake anamukankhira pansi mwachikondi n'kunena kuti, "Gona iwe, Polo. Kenti ndi wongodzaza, palibe amene amamumva."

Apoloniya anaseka. "Zoona, achemwali."

Patapita masiku asanu, Mayi Pelajiya anatenga kagalasi kawo kodziyang'anira n'kukaika pakamwa pa mng'ono wawo. Galasi linakhala loyera mbee, lopanda nthunzi. Chitoliro cha malemuyo anachitsekera m'kabati ya chitseko chagalasi, pamodzi ndi mbale za alendo, ndipo chaka chonse zitoliro sizinalire pa mishoni.

Tsopano chaka chinali chitakwana. Lamulungu kunali Misa ya chikumbutso ndi kudalitsa chiliza, ndipo Mayi Pelajiya anafuna kuti wansembe alowe ndi nyimbo ya mfumu. Koma mizere inali isanu, anthu anayi. Njira yapafupi inali kungojambula mtanda pa mzere wa kenti. Lolemba m'mawa anagwira pensulo kuti atero, dzanja linakana. Mawu aja, wongodzaza, anali akadali m'kamwa mwawo ngati mchenga. Ndiye anachita china. Anatola manotsi a Apoloniya limodzilimodzi n'kuwalowetsa m'mizere inayi yotsalayo, paliponse pamene panali mpata. Awiri kwa Aphunzitsi, atatu kwa Mayi Nagama, ambiri kwa Abambo Kalisito chifukwa mzere wawo unali ndi mipata yambiri. Pofika Lachitatu panalibe notsi la Apoloniya limene linatayika.

Lachinayi anakumana kuti ayese. Asanafike n'pakati pomwe, chitoliro chachikulu chinalira ngati ng'ombe yomangidwa pakhosi, n'kusiya. Abambo Kalisito anagwira benchi, pachifuwa pakulira likhweru, milomo itatuwa ngati phulusa. Mayi Nagama anawakupizira ndi pepala lomwelo la nyimbo. Atapeza mawu, bamboyo anati, "Mayi Chimbalanga, ndiuziretu. Lamulungu mukufuna kudalitsa ziliza zingati? Ngati n'ziwiri ndikametetu, ndisakachititse manyazi m'bokosi."

"Bokosilo mukhomenso nokha, a Kalisito," anatero Aphunzitsi. "Enawa amatikhomera zokhota."

Onse anaseka kupatula Mayi Pelajiya. "Mukayeserere kunyumba," anatero. "Palibe notsi limene lichoke pamenepa."

"Nanga tipuma pati, mayi?"

"Mudzapuma nyimbo ikatha."

Abambo Kalisito ankamukonda Apoloniya ngati mlongo wawo. "Chabwino," anatero. "Chifukwa cha Polo, ndiyesetsa."

Ndipo aliyense amene akuwadziwa bambo amenewa akudziwa kuti akati ndiyesetsa, amayesetsa mpaka kugwa.

Loweruka masana Mayi Pelajiya anakhala patebulo kulembanso mapepala mwaukhondo, chifukwa pulakatisi yomaliza inali fo koloko. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango. Anatsamiza mutu padzanja pang'ono chabe.

Kabati inatseguka. M'kati munalibe mbale kapena chitoliro. Munali makwerero atatu otsikira m'chipinda chachitali ngati matchalitchi athu atatu atalumikizidwa. Mayi Pelajiya anatenga mapepala ndi chitoliro chawo, anavula mapatapata monga tichitira polowa m'nyumba ya eni, n'kutsika.

Makoma onse anali magalasi. Munali makandulo osawerengeka, ndipo malawi ake anaima njo ngati minga, osagwedera. Pansi panalibe simenti, linali dothi lofiira la njira ya kumanda athu. Mbali zonse ziwiri kunaima anthu, amuna ndi akazi, atavala mawigi oyera. Madiresi a akaziwo anali otambalala ngati madengu ovundikirira anapiye, ndipo chiswe chinali chitawamangirira mpaka m'maondo. Anthu onsewo, palibe ngakhale mmodzi amene anatsokomola.

Kumapeto kwa chipindacho kunali chitseko chachikulu chotseka. Patsogolo pake panaima mfumu, itafulatira anthu, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati munthu amene akuti aponde. Nsapato yake inali ya chidendene chofiira, ndipo pansi pa chidendenecho mavu anali atamangapo chisa n'kusamukamo kalekale.

Kunabwera mwamuna wamtali atagwira ndodo yofika paphewa. Anawerama, ndipo ufa unatsika kuchokera m'wigi yake. Analankhula Chichewa choyera, cha m'mabuku akale a mapemphero.

"Kodi ndinu amene mwakonza nyimbo?"

"Ndine, bambo."

"Bwalo lonse likukuthokozani. Papita zaka mazana atatu tikudikira. Mfumu yathu siponda pokhapokha nyimbo iyende osaduka, koma amoyo onse amasiya mipata m'nyimbo zawo, ndipo mfumu ikamva mpata imabweza mwendo. Inu nokha mwatilembera yopanda popumira. Yanuyi ndi yathu."

Mayi Pelajiya anayamikira, chifukwa munthu akakuthokoza umayankha. Koma anafunsa, "Kuseri kwa chitsekoko kuli chiyani?"

"Kolowa," anatero mwamunayo. "Mfumu itsogola, bwalo litsatira, oimba pambuyo. Ndiwo mwambo."

Pakati pa chipindacho panali mipando inayi ya m'holo ya parishi, ija yolembedwa manambala ndi penti yabuluu. Mayi Nagama anali atakhala kale, atavala chitenje cha bungwe la amayi. Aphunzitsi Venansiyo anali mu jekete yawo ya Lamulungu. Abambo Kalisito anakhala kumapeto, chitoliro chachikulu chili pakati pa maondo, mutu atameta mpala.

Mayi Pelajiya anakhala pampando wotsalawo. Pamene ankakweza chitoliro chawo, chinalankhula ndi kabowo kake kapamwamba, motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Mayi, mundiuzira chiyani? Mwa inu mulibe kanthu."

"Khala chete, pali alendo," anatero iwo.

Mwamuna uja anagunda ndodo pansi, ndipo anayamba.

Chiyambire sanalizepo chonchi. Zitoliro zinayi zinamveka ngati malipenga, ng'oma zinkayankha kuchokera pansi pa nthaka, ndipo mzere uliwonse unalumikizana ndi unzake popanda msoko. Nyimbo inatsimphina mwaulemu, lalitali, lalifupi, lalitali, lalifupi. Mayi Pelajiya anadutsa tsamba loyamba lonse osakoka mpweya, ndipo sanamve kuwawa kulikonse. Mumtima anati, si izi, a Kalisito ankangochita ulesi. Chitseko chija chinayamba kutseguka pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunalibe kuwala, kunalibenso mdima. Sichinali chitseko chimene anaphunzira pa katekisimu.

Apo ndi pamene anaona munthu akuthamanga kuseri kwa mipando.

Anali mayi wovala diresi yoyera, imene Mayi Pelajiya anasoka okha ndi manja usiku wa maliro. M'munsi mwake munali mutafiira ndi fumbi. Mayiyo ankafika kumbuyo kwa Aphunzitsi, n'kuika zala zake pamwamba pa zala zawo, kuliza manotsi awiri, kenako n'kuthamangira kwa Mayi Nagama, atatu, kenako kwa Abambo Kalisito, kenako n'kubwereranso. Mapazi anali opanda nsapato. Mpango unali utagwera paphewa.

"Polo!"

Chitoliro cha Mayi Pelajiya chinapitiriza kulira chokha pamilomo pawo, ndipo iwo ankatha kulankhula.

"Achemwali, pepani, moni wabwino ndilibe," anatero Apoloniya akudutsa. "Ndili ndi awiri kwa Aphunzitsi."

Anapita, analiza, n'kubwera.

"Polo, ukuthamangiranji?"

"Nanga si mwandimwaza? Kuno mwaikako dzanja, uko mwendo. Ndikapanda kuthamanga ndidzipeza bwanji? Dikirani, a Kalisito."

Anapitanso. Atabwerako anaima kumbuyo kwa mkulu wake n'kuika zala zake pa zala zawo. Zinali zozizira ngati madzi a m'mtsuko, koma zinali zake ndithu, chala chapakati chija chokhota chimene anapana pachitseko ali mwana.

"Chaka chonse ndinagona bwino," anatero. "Kumene ndinali n'kwabwino, achemwali, musade nkhawa. Koma Lolemba m'mawa ndinangomva pensulo ikundikoka mwendo. Kuyambira pamenepo sindinakhale pansi."

"Sindinafune kukutaya. Ndinakuuza mawu oipa, ndipo unapita nawo."

"Mawu ati?"

"Ndinati ndiwe wongodzaza. Ndinati palibe amene amakumva."

Apoloniya anaseka kuseka kwake kuja kobisa mano ndi dzanja, n'kuthamangira kwa Mayi Nagama. Mayi Pelajiya anadikira manotsi atatu. Mwendo wa mfumu unali utayamba kutsika. Dothi louma la chisa cha mavu linkagwa.

"Ndiye mwakhala mukulira zimenezo?" anatero Apoloniya atabwera. "Nanga ndinali chiyani? Ndinkadzaza, inde. Ndinkadzaza pamene inu mwachokapo. Zaka makumi anayi, simunafunsepo kuti nyimbo ankaigwirizira ndani inu mukamakoka mpweya? Simunkandimva chifukwa nthawi imene ine ndinkamveka ndi imene inu munkapuma. Ndinkakhala kumbuyo kwanu ndikuona mapewa anu akukwera, ndiye mumtima ndinkati, zikomo Ambuye, achemwali apuma. Nyimbo yanga inali imeneyo. Sindinafune ina."

Mayi Pelajiya anafuna kulira, koma kulira kumafuna mpweya.

"Tsopano taonani zimene mwachita," anapitiriza Apoloniya, osakalipa, ngati akuwasonyeza pamene diresi yasosoka. "Mwakapempha wansembe kuti mawa apemphere ndipume mumtendere. Ndiye mwabwera kunyumba n'kundilemba popumira anthu. Iwo sakupuma, inenso sindikupuma. Tayang'anani m'galasimo."

Khoma linali litasendera pafupi, galasi lili patsogolo pa nkhope yawo penipeni monga iwo anaikira kagalasi kaja pakamwa pa mng'ono wawo. Anaona milomo yawo ili pachitoliro. Galasi linali loyera mbee.

Anatembenuka. Anthu a mawigi anali atayamba kusuntha, awiriawiri, madothi a chiswe akusweka m'maondo mwawo. Mpando wakumapeto unali wopanda munthu. Abambo Kalisito anali ataimirira n'kulowa pamzere, kumbuyo kwa mayi wina wa diresi yobiriwira, akuliza chitoliro chawo mokhulupirika, mutu wampala ukuwala ndi makandulo. Pachifuwa pawo sipankalira likhweru. Sipankalira chilichonse.

"A Kalisito, bwererani!"

Bamboyo anatembenuza maso okha. "Ndikuyesetsa, mayi," anatero. "Munati tidzapuma ikatha."

Pakati pa nyimbo ya mfumu pali malo amodzi pamene mizere yonse inayi imasiya, ndipo kenti amayenda yekha manotsi anayi, otsika ngati munthu akutsika makwerero. Mayi Pelajiya anawadziwa malowo Lolemba lomwelo pokopera, chifukwa zaka zonsezo pamenepo iwo ankakhala akukoka mpweya ndi kuwerenga polowera pawo. Manotsi anayiwo sanapatse wina aliyense. Anadzilembera okha. Tsopano malowo anali kubwera, pansi pa tsamba lachiwiri.

Apoloniya anawaloza ndi chala chokhota chija. "Apo ndi panga. Musandilizire. Pasiyeni."

"Pakhala bowo, Polo."

"Likhale bowo."

"Anthu amva kuti pakusowa kanthu."

"Amve. Ine kulibe, achemwali. Mukufuna kuwanamiza m'nyumba ya Mulungu?"

Mwamuna wa ndodo anali ataima pambali pawo. Anawerama mwaulemu. "Mayi, musaime. Kwatsala pang'ono. Mfumu ikukumbukirani."

Chidendene chofiira chinali chitatsala chikhatho chimodzi kuti chifike pansi. Chitseko chinali chitatseguka chonse. Nyimbo inali yokoma kuposa chilichonse chimene anamvapo, ndipo manotsi anayi a mng'ono wawo anali kale m'zala zawo, okonzeka. Akanawaliza, ndiye kuti kamodzi kokha m'moyo wawo akanamumva Apoloniya.

Anachotsa chitoliro pakamwa.

Ndodo inagunda koyamba pa malo opanda nyimbo. Mayi Pelajiya anayesa kukoka mpweya, koma chifuwa chinakana ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Ndodo inagunda kachiwiri. Anapemphera ndi mtima wokha, pakuti pakamwa panalibe chonyamulira mawu: Inu amene munawerama pa dothi n'kuliuzira, ine ndine dothi lomwelo. Ndodo inagunda kachitatu.

Mpweya unalowa. Unawawa ngati munga, ndipo unanunkha malata otentha ndi mango akupsa. Malawi a makandulo onse, kuyambira kumakwerero mpaka kuchitseko, anaweramira kwa iwo. Anamva Mayi Nagama akukoka wawo, Aphunzitsi wawo. Kenako, kutali pamzere wa akufa, wina anatsokomola chifuwa chonyansa cha mphumu, chokhala ndi likhweru kumapeto kwake. Mayi Pelajiya akuti sanamvepo nyimbo yoposa chifuwa chimenecho.

Ndodo inagunda kachinayi. Atatulutsa mpweya, nthunzi inakwera pagalasi, n'kufalikira khoma lonse, n'kuwoloka kukhoma linalo. Nkhope za mawigi zinazimirira m'nthunzimo imodziimodzi. Mfumu inabweza mwendo wake m'mwamba, pamene unali. Chitseko chinatsekeka popanda phokoso.

"Mwatilakwira," anatero mwamuna wa ndodo. Mawu ake analibe mkwiyo. "Tidikira wina."

Abambo Kalisito anali atabwerera pampando, atawerama, akutukwana chifuwa chawo pansipansi. Apoloniya anakhala padothi n'kutambasula miyendo monga amakhalira amayi akaweruka kumunda.

"Eee, miyendo yanga ine," anatero. Anamanganso mpango wake bwinobwino. Kenako anagona chammbali, dzanja pansi pa tsaya, monga ankagonera ali ana pamphasa imodzi. "Achemwali."

"Ndili pano."

"Pamalo panga paja muzikoka mpweya wambiri. Mumakonda kuumira, ndiye mumafika kumapeto mutatha mphamvu. Ndinkangokusiyani poti ndinu akulu."

"Ndamva, Polo."

"Potuluka mutseke kabati. Mbale za alendo zilowa fumbi."

Mayi Pelajiya anadzuka pepala litamatirira patsaya. Nyenje zinali zikulirabe. Wotchi yapakhoma inati kota pasiti fili. Kabati inali yotseka, mbale zili m'malo mwake, chitoliro cha Apoloniya chili pomwe anachisiya. Koma pagalasi la chitseko cha kabatiyo panali nthunzi, kadera kozungulira kokula ngati chikhatho. Anapita n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Sinachoke, chifukwa inali cham'kati. Anaima n'kuiyang'ana ikuchepa yokha mpaka inatha.

Anagwada pomwepo n'kupemphera pang'ono. Kenako anatenga labala.

Inali ntchito yofulumira kuposa kulemba, ndipo inawawa kwambiri. Notsi lililonse la mng'ono wawo analifufuta, kwa Aphunzitsi, kwa Mayi Nagama, kwa Abambo Kalisito, n'kubwezeramo kachizindikiro kopumira. Pomalizira anafika pansi pa tsamba lawo lachiwiri. Manotsi anayi aja anawaliza kamodzi pa chitoliro chawo, okha m'nyumba, motsika ngati makwerero. Ndiye anawafufuta, n'kuuzira zinyenyeswa za labala kuti zichoke papepala.

Atafika kuholo anapeza anzawo atakhala kale. Anayamba ayang'ana mutu wa Abambo Kalisito. Tsitsi linalipo, loyera, losapesa, lili ndi utuchi.

"Mukundiyang'ana chiyani, mayi? Ndakongola?"

"Musamete," anatero Mayi Pelajiya, n'kuwapatsa pepala.

Bamboyo anavala magalasi awo omanga ndi waya, anayang'ana pepalalo, analitembenuza, n'kuyang'ananso. "Iii, koma mbewa zadya nyimbo yanga! Mabowo okhaokha."

"Ndi popumira panu. Ndinakuberani. Mundikhululukire, nonsenu."

Aphunzitsi Venansiyo analoza pansi pa tsamba lachiwiri. "Nanga apa, mayi? Tonse anayi tasiya. Palibe akuliza."

"Palibe."

"Anthu adzati talakwitsa."

"Tiwerenga kanayi, ndipo tonse tikoka mpweya. Wambiri, osaumira."

Mayi Nagama anayang'ana malowo, ndipo anazindikira kuti anali a yani. Anapukuta m'maso ndi chitenje. Abambo Kalisito anavula magalasi.

Lamulungu tchalitchi linadzaza mpaka pakhomo. Ine ndinali pabenchi lachitatu, kumbali ya amayi. Wansembe anaima pakhomo ndi mtanda patsogolo pake, zitoliro zinayi zinayamba, ndipo anayenda motsatira kutsimphina kwa nyimbo ya mfumu monga akhala akuchitira ansembe onse a pano. Inamveka yowonda kuposa kale, sindikunamizani. Pakati pake panali pozizira, ngati nyumba imene achotsamo chitseko cha kuchipinda. Atafika pakati pa tchalitchi, nyimbo inasiya.

Wansembe anaima, phazi limodzi lisanaponde bwino. Makanda omwe anakhala chete. Ndipo m'chete mmenemo tonse tinamva nkhalamba zinayi zikukoka mpweya pamodzi, mpweya wautali, wina uli ndi likhweru kumapeto kwake. Malawi a makandulo a paguwa anagwedera. Mayi wina kumbuyo kwanga, amene sadziwa notsi ngakhale limodzi, ananong'ona kuti, "Apa mpamene ankaliza Apoloniya."

Zaka makumi anayi, ndipo anali akumumva.

Kenako chitoliro chachikulu cha Abambo Kalisito chinalowa ndi mphamvu, zinazo zinatsatira, wansembe anaponda, ndipo anakafika kuguwa. Mayi Pelajiya anafika kumapeto kwa nyimbo mpweya ukadalipo wotsala. Anautulutsa pang'onopang'ono, maso ali chotseka.

Tsopano inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu amene anauzira dothi akusungireni mpweya wanu. Akupatseni anthu okugwirizirani nyimbo pamene inu mwatopa, ndipo akutsegulireni makutu muwamve akadali kumbuyo kwanu. Amene anatsogola apume, ndipo inunso, pamene pasiyidwa mpata m'nyumba mwanu, musaope kuimapo n'kupuma. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.